Khwawa lomwe linasowa pansi pa nyumba: lipoti la poloti ya pakati pa phiri la Ndirande ndi damu la Mudi

Ntchito yanga ndi yoyeza malo ndi kujambula mapu mumzinda wa Blantyre. Patapita miyezi ingapo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, kunandifikira akomiti ya chitukuko ya mpingo wina. Anali atagula malo pamtsetse wa phiri la Ndirande, mbali yomwe madzi ake amatsikira ku damu la Mudi, ndipo ankafuna kumangapo sukulu ya mkombaphala. Ndalama za njerwa zinali zitasonkhedwa kale, mmisiri atapezeka. Chinawaimitsa ndi zomwe maso awo anaona ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake.

Wapampando wawo, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, sanazungulire. Anati, "Mwanangu, pamenepa tikufuna kusungirapo ana a eni. Mutiuze zoona, ngakhale zikhale zowawa."

Nditafika pamalopo koyamba sindinaone chodetsa nkhawa. Inali nyengo yachilimwe, nthaka ili gwa. Poloti inali yotsetsereka ndithu, koma ku Ndirande malo athyathyathya ndi ochepa, ndipo anthu amamanga bwinobwino pamalo otsetsereka kuposa pamenepo. Kumtunda kwake kunali nyumba zothithikana, kunsi kwake nyumba zinanso, pambali pake kanjira kokumbika kotsika molunjika. Palibe mtsinje, palibe chithaphwi. Chimene chinandipangitsa kuti ndisayankhe tsiku lomwelo ndi miyala ikuluikulu yosalala yomwe inali itaunjikana kumapeto kwa kanjirako. Mwala sukhala wosalala pachabe.

Mapu omwe ndinasonkhanitsa

Malo omwe amangidwa kale amabisa mbiri yawo. Munthu akasalaza poloti, akamanga mpanda, akathira zinyalala m'chigwembe mpaka kudzaza, maonekedwe enieni a nthaka amatayika. Choncho ndinabwerera ku mapu akale a sikelo ya 1:50,000, omwe amaonetsa mapiri, zigwa ndi mitsinje.

Mapu amenewa ali ndi mbiri yawo. Boma la Britain linakhazikitsa nthambi ya Directorate of Colonial Surveys mu 1946, imene mu 1957 inasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys. Ndege zinkauluka m'mizere n'kumajambula zithunzi zolowerana, kuti malo amodzi aoneke pa zithunzi ziwiri zotsatizana. Ukaika zithunzi ziwirizo pansi pa magalasi a stereoscope, phiri limatumphukira m'maso ngati uli m'mwamba, ndipo chigwa chimaoneka kuya kwake. Pansi pano asaveya ankakwera mapiri kukaika zipilala za konkire zomwe ankayezerapo, kuti zithunzizo zimangiriridwe pa malo enieni. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ntchito yokonzanso ndi kusindikiza mapuwa inapitirira ku Dipatimenti ya Surveys. Pepala lomwe pali tauni ya Blantyre ndi la nambala 1535C3.

Ndinagwiritsa ntchito mapu awiri: amodzi a nthawi ya atsamunda, ena osindikizidwa dziko lili kale pa ufulu. Pamwamba pa awa ndinaonjezera zithunzi za setilaiti. Za Landsat zimathandiza kuona zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ngakhale kadontho kake kamodzi kamaimira mamita 30, kotero nyumba imodzi sioneka, chimaoneka ndi kusintha kwa mtundu wa nthaka. Za Sentinel-2, zomwe zinayamba mu 2015, kadontho kake ndi mamita 10. Zonsezi zimapezeka kwaulere pa intaneti.

Pali misampha itatu yomwe ndimachenjeza aliyense wofuna kuchita ntchito yotereyi, chifukwa ndaonapo anthu akukangana za malire atanyamula mapu omwe sanawamvetse.

Woyamba ndi chaka. Chaka chomwe chalembedwa kuti mapu anasindikizidwa si chaka chomwe malowo ankaoneka choncho. Pamphepete pa pepala, m'zilembo zing'onozing'ono, pamalembedwa nthawi imene zithunzi za m'ndege zinajambulidwa komanso imene anthu anapita kukatsimikiza pansi. Zaka zimenezo ndizo zofunika. Nthawi zina osindikiza ankangoonjezera msewu watsopano n'kusiya midzi momwe inalili pa mapu apitawo.

Wachiwiri ndi maziko a muyezo. Mapu athu akale anakhazikika pa Arc 1950, pomwe GPS ya m'foni ndi zithunzi za setilaiti zimayendera WGS 84. Ukatenga manambala a gridi (mizere yopingasana yosonyeza pomwe malo ali) a pa mapu akale n'kuwalowetsa m'foni osawatembenuza, umakaima kutali ndi malo enieni ndi mamita oposa 100. Kumudzi kusemphana kotere kungakhale munda umodzi. Ku Ndirande ndi nyumba khumi kapena kuposerapo, ndipo khwawa lomwe lili pakhomo pako lingaoneke ngati lili kwa mnzako. Ine ndinasikana mapepalawo, ndinawalowetsa mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mapu, n'kuwamangirira pa ngodya za gridi, kenako ndinayesa ngati zinthu zosasuntha zikugwirizana: khoma la damu, njanji ya pakati pa Limbe ndi Blantyre, milatho ndi nsonga ya phiri. Zitagwirizana zimenezo m'pamene ndinayamba kukhulupirira zina zonse.

Wachitatu ndi sikelo yeniyeniyo. Pa 1:50,000, milimita imodzi papepala ndi mamita 50 pansi. Mzere wa buluu woimira kamtsinje, ngakhale ndi woonda ngati ulusi, umaphimba malo aakulu kuposa kamtsinje kenikeniko. Mapu otere sangakuuze kuti khwawa lili mamita asanu kuchokera pa bikoni. Amakuuza kuti khwawa lilipo ndi komwe likulowera, zotsalazo uzikazipeza ndi mapazi.

Momwe tauni inakwerera phiri

Ndisanafike pa poloti, ndifotokoze zomwe mapuwa amaonetsa akasanjikizidwa, chifukwa nkhani ya poloti imodziyi ndi mwana wa nkhani yaikuluyo.

Pa mapu a atsamunda, Blantyre ndi Limbe ndi matauni awiri osiyana, olumikizidwa ndi msewu ndi njanji. Blantyre inayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, Limbe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Pakati pawo ndi mozungulira pali malo ambiri oyera. Midzi ikuoneka ngati timadontho takuda tomwazikana kutsinde kwa mapiri. Phiri la Ndirande lazingidwa ndi mzere wa malire a nkhalango yotetezedwa, yomwe inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920. Kunsi kwake kuli damu la Mudi, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo timizere ta buluu tikutsika m'phirimo ngati mizu ya mtengo, kukumana, n'kulowa m'damumo. Munthu ukaona pepalalo umamvetsa msanga chifukwa chomwe anasankhira malo amenewo: phiri la mitengo pamwamba, chigwa chopapatiza pansi, tauni pafupi.

Timadontho takuda tija si tachabe. Tauni ya atsamunda inkafuna manja a anthu akuda, koma sinkawapatsa malo okwanira okhala mkati mwake. Ogwira ntchito ankakhala m'midzi ya m'mphepete, pansi pa mafumu, n'kumayenda wapansi kupita kuntchito. Ndirande inakula motero, ndipo mafakitale a ku Makata atachuluka, kukhala pafupi ndi ntchito kunasanduka chuma. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, linagawa mapoloti m'madera omwe anthu ankaloledwa kudzimangira okha, monga ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe. Pa mapu achiwiri aja madera amenewa akuoneka ndi misewu yake yowongoka. Koma m'mbali mwa misewu yowongokayo timadontho tachuluka kale, ndipo tayamba kutsatira makwawa kulowera kumtunda.

Chiwerengero cha anthu chimafotokoza zotsalazo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzindawu. Mu 1977 anali oposa 219,000, mu 1987 oposa 333,000, mu 1998 oposa 502,000, ndipo mu 2018 anakwana 800,264. Mapoloti ogawidwa mwadongosolo sanakule pa liwiro limenelo. Banja lomwe lasowa poloti silisiya kufuna denga. Limapita kwa amfumu, limagula kachigawo kwa amene anafika kale, ndipo malo otsika mtengo amakhala omwe ena anawakana: pamtsetse, m'chigwembe, m'mbali mwa khwawa. Sindilemba izi poloza chala anthu omanga m'phiri. Ambiri mwa iwo ndi alonda, amayi ogulitsa mumsika ndi amisiri amene mzindawu umadalira tsiku ndi tsiku.

Kusintha komwe kumandipweteka mtima kwambiri kuli pa zithunzi za Landsat. Pa za m'ma 1980 phiri la Ndirande ndi lakuda bii ndi mitengo. Pa za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 layera. Aliyense amene anakulira ku Blantyre akukumbukira kuti nkhalangoyo inatha m'zaka zochepa chabe, nthawi ya kusintha kwa ndale, pozungulira riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Mitengo inapita ku matabwa, nkhuni ndi maovuni a njerwa. Pomwe panali mitengo panabwera minda ya chimanga, ndipo pomwe panali minda pakubwera nyumba. Mzere wa malire a nkhalango ulipobe papepala. Pansi muyenera kuufunafuna.

Poloti yeniyeniyo

Nditaika ngodya zinayi za poloti pa mapu akale, zinthu ziwiri zinaoneka nthawi yomweyo.

Choyamba chinali mizere ya bulawuni yoonetsa kukwera kwa malo. Pofotokozera akomiti ndinaiyerekeza ndi akalozera a m'munda: mzere uliwonse umayenda pamalo okwera mofanana, osakwera osatsika. Pa mapu akalewo mzere ndi mnzake zimasiyana ndi mafiti 50, omwe ndi mamita 15 ndi pang'ono. Mizere ikatalikirana, malowo ndi athyathyathya. Ikathithikana, ndi potsetsereka. Pa poloti yathu mizereyo inatalikirana pafupifupi mamilimita awiri papepala, kutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse nthaka ikutsika mamita 15. Pamenepo munthu akhoza kumanga atasamala maziko. Koma pang'ono kumtunda mizereyo inayandikana kufika milimita imodzi, ndiye kuti kutsetsereka kwawirikiza kawiri, ndipo pamwamba pakenso inachita kukhudzana. Madzi ochokera kumeneko amafika pa poloti ali ndi liwiro lawo lonse.

Chachiwiri ndicho chinali chachikulu. Mizere ya bulawuniyo podutsa pafupi ndi poloti sinayende mowongoka. Uliwonse unapindika n'kupanga nsonga yoloza kuphiri, umodzi pamwamba pa unzake, ngati mapazi a nkhuku otsatizana. Mizere ikapindika choncho ndiye kuti pali chigwa. Ndipo mkati mwa nsongazo munadutsa kamzere ka buluu, kochokera mkati mwa nkhalango, kotsika kukalowa mumtsinje wina waung'ono wothira m'damu. Pa mapu achiwiri kamzereko kanalipobe. Pa chithunzi cha setilaiti cha masiku ano kulibe, pali madenga a malata okhaokha ndi kanjira kokumbika kaja.

Kanjirako ndi khwawalo. Anthu analidzaza pang'onopang'ono ndi dothi lochokera m'maziko a nyumba ndi zinyalala, n'kuyamba kuyendamo, ndipo ena anamanga m'kati mwake mwenimweni.

Ndinabwerera ndi GPS ndi chingwe choyezera, ndipo tinayenda ndi awiri a m'komiti kuchokera pa poloti kukwera mpaka pomwe nyumba zathera. Zizindikiro zinali ponseponse kwa munthu amene wadziwa chofuna: maziko a nyumba oonekera chifukwa dothi linakokoloka, matumba a mchenga osanjidwa pamakomo, chimbudzi chopendekeka, nthochi zobiriwira mumzere umodzi pomwe kwina konse kuli kouma. Pomwe nyumba zathera, khwawa linaonekera poyera, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, lodzaza miyala yofanana ndi yosalala ija.

Tinapezanso agogo ena aakazi amene akhala m'deralo kuyambira nkhalango ilipo. Nditawafunsa ngati pamenepo panali madzi, anandiyang'ana modabwa kuti ndikufunsa chinthu chodziwika. Anati, "Iii, mdzukulu wanga, ife tinkachapa pomwepo. Madzi ake sankaphwa mpaka Okutobala." Anaonjeza kuti masiku ano mvula ikagwa madzi amabwera kamodzi, ofiira, aphokoso, ndipo pakutha pa tsiku kwauma. M'mawu ochepawo ananena zomwe ine ndikanalemba masamba awiri. Pansi pa mitengo mvula imalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono miyezi yambiri. Pa malata, pabwalo lopondedwa ndi pamunda wopanda akalozera, mvula yomweyo imathamanga pamwamba ndipo yonse imafunafuna njira imodzi, yomwe ndi chigwa chakale.

Mmodzi wa akomiti anatchula Napolo. Sindinamutsutse. Makolo athu anaona zomwe zinachitika ku Zomba mu 1946, ndipo ambiri tikukumbukira za ku Phalombe mu 1991. Anadziwa kuti chomwe chimatsika m'phiri chimakhala ndi njira yake, ndipo njirayo siiwalika ngakhale papite zaka zambiri. Ndinangomuonetsa kuti njira imeneyo inajambulidwa kale papepala ndi inki ya buluu.

Muyezo wa pansi unaonetsa kuti pakati pa khwawa pakudutsa m'mphepete mwa poloti mbali ya kanjira, ndipo chipinda chomwe mmisiri anakonza kuti chikhale cha ana aang'ono kwambiri chinagwera ndendende pamenepo, chifukwa ndi pomwe panaoneka posalala. Panali posalala chifukwa panali pothiridwa. Titakumba dzenje loyesera tinapeza mapulasitiki, zidutswa za njerwa ndi phulusa, osati nthaka yachilengedwe. Mbali ina ya poloti, yokwererapo, khasu linagunda dothi lofiira lolimba lisanapite patali.

Za damu

Akomiti sanandifunse za damu, koma ndinalemba m'lipoti lawo ndime imodzi, ndipo pano ndiitambasula, pakuti khwawa lawolo ndi limodzi mwa makwawa ambiri omwe amathera m'menemo.

Madzi ambiri omwe Blantyre Water Board imapereka amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka kuti afike mumzinda. Magetsi opopera madzi amenewo ndi ndalama zambiri, ndipo zimathera pa bilu ya aliyense. Kuyambira 2019 kunaonjezeka madzi a ku Likhubula, ochokera m'phiri la Mulanje. Damu la Mudi limapereka gawo laling'ono, koma madzi ake ali pakhomo, safuna ulendo wautali wotero. Ndiye dothi lililonse lotsika m'phiri la Ndirande limalanda malo a madzi otsika mtengo kwambiri omwe mzindawu uli nawo. Matope akachuluka, damu limasunga madzi ochepa, ndipo madzi ofiira amafuna mankhwala ambiri kuti ayere.

Ukasanjikiza m'mphepete mwa damu momwe munajambulidwira pa mapu akale ndi momwe mukuonekera pa zithunzi zatsopano, kusiyana kumaonekera kumtunda, komwe mitsinje imalowera. Apa pamafunika kusamala, chifukwa madzi a m'damu amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo, ndipo chithunzi cha mu Novembala sichingafanane ndi cha mu Epulo. Ndinayerekeza zithunzi za miyezi yofanana, ndipo chomwe chimabwerezabwereza ndi mtundu wa madzi m'nyengo ya dzinja komanso timalo ta matope pakamwa pa mitsinje. Kuti munthu adziwe kuchuluka kwa matope pansi pa damu amayenera kuyeza kuya kwake ali m'bwato, ndipo imeneyo ndi ntchito ina.

Maganizo anga ndi akuti kubzala mitengo pafupi ndi damu, komwe kumachitika dzinja lililonse, n'kofunika koma n'kosakwanira pakokha. Dothi limayambira ulendo wake kumtunda, m'makwawa ang'onoang'ono ngati ili, omwe ambiri sakuonekanso pa mapu atsopano chifukwa wojambula amajambula zomwe diso la setilaiti laona. Mapu akale ndiwo akuonetsabe ambiri mwa makwawawa. Ntchito yowakopera onse pa kompyuta, phiri ndi phiri, Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe ndi Michiru, n'kuwaika pamwamba pa zithunzi za lero, si yodula. Ophunzira ochepa a zoyeza malo angaigwire pa tchuthi chimodzi, ndipo mfumu iliyonse yogawa malo m'phiri ikhoza kukhala ndi pepala la dera lake.

Zomwe ndinalangiza ndi zomwe zinachitika

M'lipoti ndinalemba kuti pambali ya kanjira pasamangidwe chilichonse chogonamo kapena chophunziriramo anthu. Nyumba isunthidwire kumbali yokwera, pa dothi lolimba, ngakhale kutero kuchepetse zipinda kuchoka pa zitatu kufika pa ziwiri. Khwawa lifukulidwe m'chigawo chawo, lichotsedwe zinyalala, liyalidwe miyala, ndipo m'mbali mwake mubzalidwe vetiva ndi nsungwi. Madzi a padenga asatayidwire m'kanjira koma alowe m'thanki. Ndinawauzanso kuti mapulani apite ku khonsolo ya mzinda monga lamulo lifunira, komanso kuti injiniya aone maziko, pakuti ine ndimayeza malo, za kulimba kwa khoma zili ndi eni ake. Ndipo ndinanena mosabisa kuti zonsezi zikuchepetsa ngozi ya madzi othamanga, koma mvula yonga ya Freddy ikagwa masiku atatu osalekeza, ana asapezeke pamalopo n'komwe.

Msonkhano wake unali wovuta. Ena anadandaula kuti ndalama zogulira malo zapita pa theka la poloti. Mayi wina anafunsa funso lomwe linakhalitsa onse chete: "Nanga anzathu amene nyumba zawo zili m'khwawamo kumtundaku, tiwauza chiyani?" Panalibe yankho lachangu. Wapampando anapempha kuti ndisindikize mapu aja pa pepala lalikulu, akale ndi atsopano moyandikana, kamzere ka buluu nditakakopera pa chithunzi cha lero kuti aliyense aone denga lake.

Ndinasindikiza atatu. Limodzi linatsala ku mpingo, lina linapita kwa amfumu a deralo, lachitatu kwa akomiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'deralo. Nyumba ya sukulu inamangidwa kumbali yokwera, ya zipinda ziwiri. Nditapitako dzinja lotsatira mvula itangokata, ndinapeza madzi ofiira akutsika m'khwawa lofukulidwalo, akudutsa pomwe pakanakhala chipinda cha ana aang'ono, kulowera ku Mudi. Kumtunda, m'kati mwa khwawa lomwelo, munthu wina anali akukumba maziko atsopano, ndipo wapampando anali atanyamula pepala lake lija kupita kukalankhula naye.